Ndiikeni Pamthunzi

Kalekale, koma si kale la mauta ndi mikondo ayi, ndi kale lija ena mwa inu munali mutamera kale mano, kuseri kwa phiri lina kunali mudzi umene unatha mitengo. Ndikati unatha, musayese ndikukokomeza. Ina inapsa m'zigafa za fodya, ina inapita m'matumba a makala, ina inawotcha njerwa za sukulu imene makolo a m'mudzimo anamanga ndi manja awo. Amayi ankaphikira mapesi ndi zitsononkho. Masana mbuzi zinkalimbirana kunsi kwa nkhokwe, nkhuku zili kukamwa yasa! Mitengo inatsala malo amodzi okha basi: kumanda. Kumeneko kunali mibawa ndi milombwa yoti munthu mmodzi sangaikumbatire, chifukwa nkhwangwa sinkalowako, ndipo ana sankapondako.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, dzina lake Nakwenda. Chuma chake chinali munda wamchenga umene unkabereka ukafuna, ndi ana awiri aakazi. Wamkulu anali Tinenenji, mtsikana wamiyendo italiitali, wolongolola, amene ankawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, ngakhale thumba la feteleza. Wamng'ono anali Elube, wofatsa, woyenda atagwira diresi la mkulu wake. Anthu ankatchula mayiyo kuti Make Tinenenji. Nakwenda anali ndi mlongo wake wamwamuna, a Dzoole, mwinimbumba, amenenso anali mkulu wa adzukulu okumba manda. Analinso ndi chinjira chake, Nangondo, mnzake wa pamtima kuyambira ali atsikana, uja wogawana naye mchere osayeza.

Tsono sukulu ija inali itakalamba kuposa amene anaimanga. Khoma la kumbuyo linali ndi mng'alu woti mwana wa m'kalasi ankalandirirapo mbatata kuchokera kwa mnzake wa panja. Chiswe chinadya mitanda ya denga mpaka kungotsala khungu. Mphepo ikawomba malata ankalira, ana nkumaseka. Panalibe wosadziwa. Aliyense podutsa ankati, "Ii, koma sukulu iyi tsiku lina idzatiliza," nkupitiriza ulendo wake wa kumsika.

Chaka china kunabwera bwana wa ku boma, nasonkhanitsa mudzi wonse pabwalo la sukulu. Anayankhula mosapsatira.

"Ndalama zomangira sukulu ife tilibe. Koma tapeza munthu wa m'tauni, mwini makina ochekera matabwa, amene wavomera kukubwerekani simenti, malata ndi malipiro a amisiri. Kubweza kwake nkotere: khomo lililonse lizipereka gawo la zokolola chaka ndi chaka mpaka ngongole ithe. Mukalephera, atenga chikole."

"Chikole chake nchiyani, poti ife tilibe kanthu?" anafunsa munthu wina.

Bwana uja anangotembenuka nayang'ana kumanda.

Aa, phokoso lake! A Dzoole anadzuka magazi atawira. "Akuti timange sukulu. Ine ndikuona tikudzimanga tokha manja ndi miyendo, chingwe nkupatsa mlendo. Mvula ikakana chaka chimodzi, makolo athu agone padzuwa?"

Amene anawayankha anali mphunzitsi wa kalasi ya Tinenenji, a Gwaza, munthu wamapewa aakulu koma wa mawu otsika. Iwo anangoti, "Ine ndimakhala kunsi kwa denga lija tsiku ndi tsiku. Silidikira kuti tigwirizane."

Voti ya kumeneko sinali ya kabokosi ndi kachipinda kobisalamo. Inali yoima pamzere. Ofuna ngongole aime kumbuyo kwa a Gwaza, okana aime kumbuyo kwa a Dzoole, ndipo mudzi wonse uone msana umene wasankha. Nakwenda sanaganize nkomwe. Mlongo wako, mwinimbumba wako, waima apo, iwe ukaime kumbuyo kwa mlendo? Anapita kumbuyo kwa a Dzoole akucheza ndi anzake za mtengo wa sopo. Mzere wokana unatalika mpaka kukhota, wa a Gwaza unali waufupi womvetsa chisoni. Bwana uja anakwera galimoto yake nabwerera. Musamuweruze msanga Nakwenda, chifukwa inunso mukanaima pomwepo.

Miyezi inapita, inafika nyengo ija dzuwa limaswa mtengo, mvula isanagwe. Tsiku lina Nakwenda ali kutali kumunda akusosa, kamvuluvulu anadzuka kudambo, nadutsa pabwalo, nalowa kunsi kwa malata a sukulu. Mvetserani bwino tsopano zimene anachita anthu atatu, chifukwa pamapeto ndikufunsani.

A Gwaza anamva denga likuthetheka nafuula kuti, "Panja nonse!" Ana asanafike pakhomo, mtanda waukulu unatsika nupingasa chitseko. Iwo analowa kunsi kwake naunyamula ndi msana, ana nkumakwawa pakati pa miyendo yawo. Tinenenji ankakhala kumbuyo, pafupi ndi mng'alu uja, ndipo khoma linamugwera pachifuwa. A Gwaza anamuona. Anthu atathamangirako anawauza kuti achoke mtandawo uwapha, iwo anakana. Anaima choncho, thukuta ndi magazi zikuyenderera, mpaka amuna anafukula mwanayo namutulutsa akupuma. Kuyambira tsiku limenelo msana wawo sunawongokenso. Munthu wamapewa uja anayamba kuyendera ndodo, nkhope ili pansi, ndipo za tsikulo sankazikamba.

Nangondo anali pamjigo pafupi ndi sukulu. Anataya ndowa, namasula nsalu ya m'chiuno, nabereka mwana wa chinjira chake ngati khanda, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo. Ngolo inali kudimba, njinga inali yophulika tayala, iye sanadikire chilichonse. Anathamanga msewu wa kuchipatala wopanda nsapato, mchenga ukuwotcha mpaka mapazi kutuluka matuza. Nakwenda atamva uthenga anataya khasu nawalondola. Anawapeza chipata cha chipatala chikuonekera, Nangondo atagwada pamsewu, mwana ali zii kumsana.

"Wanena kanthu?" anafunsa Nakwenda. "Chinjira changa, ndiuze, mwana wanga wanena kanthu?"

"Wati, 'Amayi aang'ono, dzuwa likundiwotcha. Ndiikeni pamthunzi.'" Anatero Nangondo.

A Dzoole anamva mawu amenewa pasiwa. Pamwambo wa m'mudzimo ana ankaikidwa m'mphepete mwa manda, poyera, ndipo kunsi kwa m'bawa waukulu wa pakati kunkagona akuluakulu okhaokha. Iwo anapita kwa akulu anzawo nawauza kuti, "Mwana wanena yekha poti timuike." Akuluwo anawakaniza, anawaopseza, a Dzoole osasuntha, mpaka akuluwo anatopa navomera. Matabwa a bokosi atasowa, a Dzoole anazula chitseko cha nyumba yawo. Pokumba anapeza mizu yolukana, adzukulu nkutenga nkhwangwa, koma iwo analetsa kuti asadule ngakhale umodzi, mthunzi ungachepe. Analowa okha m'dzenjemo nafukula ndi zala pakati pa mizu mpaka zikhadabo zinazuka. Nyengo yonse ya mvula imene inatsatira anagona m'nyumba yotseka ndi mphasa.

Amenewo ndiwo atatu aja. Wina anapereka msana, wina mapazi, wina zala ndi chitseko. Nakwenda sanathe kuthokoza aliyense wa iwo mokwanira, ndipo zinkamupweteka.

Chisoni cha Nakwenda sichinali chofuula. Ankalima, ankatunga madzi, ankayankha moni. Koma madzulo aliwonse ankakhala pakhonde, pamene nsonga ya m'bawa uja inkaonekera pamwamba pa madenga, nkumadziuza kuti, "Chimodzi chokha chimene anapempha tinamupatsa. Mwana wanga ali pamthunzi." Chimenecho ndicho chinkamugoneka tulo. Za mzere umene anaimamo tsiku lija sankafuna kuziganiza, koma zinkabwera zokha akamasinja. Anthu pomumvera chisoni anasiya kumutchula Make Tinenenji, nayamba kumuitana Make Elube. A Dzoole okha ndiwo anakana kusintha. Ankati dzina la mwana silifa ndi mwana.

Nanga ana ena aja? Sukulu yotsalayo boma linaitseka kuti ingagwenso. Kwina ana otere amaphunzira pansi pa mtengo, koma ndakuuzani kale za mitengo ya m'mudzimo. Anayesa kumanga chisakasa cha mapesi, mbuzi zinadya, mphepo inamaliza. Choncho ana ankakhala pamtetete, a Gwaza atatsamira ndodo, bolodi atalitsamiritsa pa mulu wa njerwa zakugwa. Mvula ikabwera, sukulu yatha. Dzuwa likakwera, mitu yawawa. Makolo ambiri anangoti ana azikalondera mbuzi. Elube ankapitabe, yekha tsopano, wopanda diresi loti agwire.

Chaka chimenecho Nakwenda anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje, kumudzi umene unavomera ngongole yonga yomweyo zaka zingapo m'mbuyomo. Polowa m'mudzimo anaona sukulu yamalata onyezimira, mazenera agalasi, ana akuimba m'kati mozizira bwino. Anaima pamsewu mtima ukumuwawa ndi nsanje, mpaka anzake anamukoka. Kenako anaperekeza maliro kumanda. Mayo ine! Kunalibe manda, kunali zitsa. Mvula inawakana anthu aja, ngongole inawakanika, macheka analowa. Utuchi unali mbuu pamitumbira, matayala a lole atadinda pamanda a ana, ndipo malirowo anawaika dzuwa likuwomba m'dzenje mpaka pansi. Nakwenda anabwerera kwawo. Atafika anasuzumira m'nkhokwe mwake naona pansi pake. Anadziwa kuti ngongole ikabwera, pa makomo oyamba kulephera padzakhala lake.

Nyengo ya dzuwa itabweranso, bwana wa ku boma anatumiza uthenga kuti mwini makina uja akadali wokonzeka, chikole ndi chomwe chija, mudzi usonkhanenso.

M'mawa wa tsiku la votilo Elube sanadzuke. Dzulo lake anabwera kusukulu akutuluka kamfuno, diresi lonse magazi, ndipo tsopano thupi linali moto. Nakwenda ananyika kansalu m'madzi namuika pamphumi. Mwanayo anatsegula maso pang'ono.

"Amayi," anatero, "kusukulu dzuwa likumandiwotcha."

Nakwenda anagwetsa mbale ya madzi. Anakhala pansi pomwepo nalira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro, atadzitseka pakamwa kuti mwana asamve. Sanafune kupita kumsonkhano. Koma dzuwa litafika pamutu Elube anagona tulo, ndipo miyendo inamutenga yokha.

Anapeza pabwalo pali zii. Mizere iwiri inali itaima kale, wina kumbuyo kwa munthu wopindika wa ndodo, wina kumbuyo kwa mlongo wake. Bwana uja anali atawerenga, nabwereza, naitana wina kuti awerengenso. Mizere inafanana ndendende. Odwala anali atawanyamula, nkhalamba anali atazitsogolera ndi ndodo, panalibenso woti akamutenge. Munthu mmodzi yekha anakhala padera, pa mulu wa njerwa zakugwa: Nangondo. Mbali zonse zinamunyengerera mpaka kutopa, iye anangoti, "Katundu wa mudzi uno ndinabereka kale kamodzi. Sindiberekanso."

Ndiye anatulukira Nakwenda, maso otupa, nsalu yonyowa. Mitu yonse inatembenuka.

"Amayi," anatero bwana wa ku boma, "mwatsala ndinu. Kumene muime, nkhani yathera komweko. Mukapanda kuima, mizere ikhala yofanana, ine ndibwerera nayo nkhaniyi ku boma. Mwina idzabweranso mukakolola, mwina ipita kumudzi wina. Sindikulonjezani."

A Gwaza ndiwo anayamba. Anakweza nkhope movutikira kuti amuone.

"Make Elube! Ine sindikukumbutsani za msana wanga, umenewo unapita. Ndikunena za mwana amene wagona kunyumba kwanu. Dzulo ndinamupukuta magazi ndi malaya anga. Mtanda ndinatha kuunyamula, koma dzuwa sindingalinyamule. Chaka chatha tinakana, mwaona chimene tinakolola. Mitengo mwina idzadulidwa, mwina sidzadulidwa, mvula ndi ya Mulungu. Koma ana akupsa lero lino."

"Make Tinenenji!" anafuula a Dzoole, natambasula manja awo kuti aone zala zopanda zikhadabo. "Mlongo wanga, kutsidya unapitako wekha, sindinakutume ndine. Unaona ndi maso ako. Nkhokwe yako ndikuidziwa, yanga ukuidziwa, nanga tidzabweza ndi chiyani? Ndipo gawo la zokolola likamachoka, Elube yemweyo adzalowa m'kalasi yokongolayo ndi mimba yanji? Ine ndinalakwa chaka chatha kapena sindinalakwe, Mulungu ndiye adziwa, tulo sindigona. Koma mwana anasiya mawu. Anati timuike pamthunzi, tinamuika. Lero uvomere kuti lole idzadutse pamutu pake?"

Apa Nangondo anadzuka pa njerwa paja. Anayang'ana a Dzoole.

"Achimwene, musanamizire mwana."

Anthu anadabwa, chifukwa Nangondo sanayankhepo mwamuna pagulu chibadwire. Iye anayenda mpaka pamene panaima Nakwenda namugwira dzanja.

"Nakwenda, chinjira changa, undikhululukire. Chaka chonse ndakhala chete chifukwa ndinaona kuti mawu aja ndiwo akukugoneka tulo. Koma mwana sankanena za manda. Sankadziwa nkomwe kuti akufa. Anandifunsa ngati mawa kuli sukulu. Chimene ankafuna nchakuti ndimutsitse kumsana, ndimuike pansi pamthunzi, apumeko pang'ono. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Msewu wonse uja, Nakwenda, mtengo ngakhale umodzi! Ndinamuuza kuti, 'Pirira mwanawe, mthunzi uli patsogolopa.' Anapempha kachiwiri, ndinamunamizanso. Kenako sanapemphenso."

Mukudziwa nonse mmene liwu lija lakuti kuika limayendera pakamwa pathu. Timaika mtsuko pansi, timaika mwana pamphasa, timaikanso maliro. Mwana ananena za pamphasa, amalume ake anamva za maliro, chifukwa khutu la mdzukulu linazolowera kumva choncho. Ndipo Nakwenda anakhala chaka chathunthu akudzitonthoza kuti anapatsa mwana wake chimene anapempha, pamene mwanayo anafa akudikira. Nangondo anamukumbatira. Amayi a m'mizere yonse iwiri anayamba kusisima.

Mukuganiza kuti nkhani inathera pamenepo? Ha, simuwadziwa anthu. Aliyense anatola mawu aja nawakokera kwake.

"Mwamva," anatero a Gwaza motsitsa. "Ankafuna mthunzi ali moyo. Mng'ono wake akupempha womwewo, ndipo iye akadali moyo."

A Dzoole misozi inali chuchuchu, osaipukuta. "Ndamva, aphunzitsi, ndamva. Mwana wa mlongo wanga anafa akufunafuna mtengo, chifukwa tinaitha tokha, ina tinawotchera njerwa za khoma lomwe linamupha. Ndiye yotsala yokhayi tiiperekenso chifukwa cha khoma lina? Ngati ndinamva molakwa, ndinamva molakwa. Koma chimene anachisowa pamsewu anachipeza kumene ndinamuika. Tinamumana ali moyo, timulandenso atagona?"

"Asiye onse awiri," anatero Nangondo, akumukoka dzanja Nakwenda. "Tiye kunyumba, mwana adzuka apeza palibe munthu. Ukaima uku, macheka akadzalowa kumanda adzati Nakwenda anagulitsa makolo athu, ndipo mlongo wako sadzalowanso m'nyumba mwako. Ukaima uko, mwana wina akadzagwa ndi dzuwa adzati Nakwenda sanaphunzire ngakhale pa mwana wake. Mudzi wonse uwu, amuna ndevu pepeya, akufuna akusenzetse iwe wamasiye? Abwerere nayo nkhani yawo, tione kaye mvula ya chaka chino. Tiye."

"Ikapita kumudzi wina osabweranso?" anafunsa Nakwenda. Anali mawu ake oyamba chifikire.

Nangondo anamusiya dzanja.

Nakwenda anayang'ana a Gwaza, amene anaima kunsi kwa mtanda mpaka mwana wake atatuluka akupuma. Anayang'ana a Dzoole, amene anagona chitseko palibe kuti mwana wake agone m'bokosi. Anayang'ana mapazi a Nangondo, zipsera za matuza zikuonekabe. Panalibe mmodzi mwa atatuwo amene ankamufunira zoipa, ndipo panalibe amene ankanama. Kumanja kwake, kupitirira madenga, nsonga ya m'bawa inkagwedezeka pang'onopang'ono. Kumanzere kunali kanjira ka kunyumba kwake, kumene mwana anagona ndi kansalu konyowa pamphumi. Dzuwa linali paliwombo, moti ngakhale chithunzithunzi chake chinali chitabisala kunsi kwa mapazi. Bwana wa ku boma anatsokomola nayang'ana wotchi.

"Make Elube!" unaitana mzere wina.

"Make Tinenenji!" unaitana unzake.

Nakwenda anamanga bwino nsalu yake m'chiuno, nanyamula phazi.

Musandiyang'ane ine, pamenepa ndiye ndalekeza. Kumene phazilo linatera sindikuuzani, ndipo mukandikakamiza ndinama. Ndaona ena mwa inu mukugwedeza mitu ngati nkhaniyi ndi yapafupi. Amene mukuti aime kwa aphunzitsi, mukonzeke kudzaima pamanda a mwana wake tsiku limene macheka adzalire. Amene mukuti aime kwa mlongo wake, mawa m'mawa mukamuperekeze Elube kukakhala pamtetete. Amene mukuti apite kunyumba, mutiuze ngati kuchoka pabwalo si kusankhanso.

Tsono weruzani inu, akulu ndi ana, amayi ndi abambo. Mthunzi ndi umodzi, ana ndi awiri, wina wagona kumanda, wina wagona pamphasa, ndipo onse anapempha ndi mawu amodzimodzi. Kodi Nakwenda aponde kuti: kumbuyo kwa a Gwaza, kumbuyo kwa a Dzoole, kapena m'kanjira ka kunyumba ndi Nangondo?